Bingu la m'sipika

Mutalowa m'chipinda momwe katswiri wa khalidwe la nyama akuchotsa galu mantha a phokoso, mukhoza kuganiza kuti ntchito sinayambe. Galu wagona pa kabulangete kake. Mwini wake wakhala pampando, kathumba ka tinthuli ta nkhuku yowiritsa kali m'chiuno. Masipika awiri ali cha kuwindo, ndipo chala cha katswiri uja chili pa voliyumu. Inu simukumva kanthu. Komatu mabingu ayamba kale kugunda m'masipikamo, chapansipansi kwambiri moti khutu la munthu silikuwatola.

Maso a katswiriyo ali pa makutu a galu. Akukweza pang'ono, n'kudikira. Akukwezanso pang'ono. Kenaka khutu limodzi lagwedera, latembenukira kuwindo, labwerera m'malo mwake. Mutu sanaudzutse n'komwe. Basi, chala chachoka pa voliyumu. Malire a lero apezeka. Phokosolo likhala pomwepo kwa mphindi 5 kapena 10, kenaka lizimitsidwa, galu adzuka, adziwongola, apita kukamwa madzi. Mlendo amene amayembekeza kuona zodabwitsa atuluka akudandaula kuti wataya nthawi. Katswiri atuluka wokhutira, chifukwa pa ntchito imeneyi tsiku limene galu sanachite kanthu ndilo layenda bwino.

Luso limeneli ndimalipatsa ulemu chifukwa limagwiridwa pa kampata kochepetsetsa. Phokoso likachepa kwambiri galu salimva, ndiye palibe chomwe akuphunzira. Likangopitirira muyeso pang'ono akuphunzira ndithu, koma chomwe akuphunzira n'chakuti mantha ake ngoyenera. Pakati pa ziwirizi pali kampata komwe galu akulimva phokoso koma thupi lake silinagwidwe ndi mantha, ndipo katswiri amayenera kukhala m'menemo milungu, mwina miyezi, akusuntha pang'onopang'ono. Chovuta n'chakuti kampatako kamasunthanso kokha. Galu yemwe dzulo anagona tulo voliyumu ili pa 6, lero akhoza kudzidzimuka ili pa 4, kungoti m'mawa njinga yamoto inaphulika pamsewu kapena kunabwera alendo aphokoso. Palibe nambala yoti munthu angalembe pakhoma n'kumaitsatira. Tsiku lililonse malire amafunidwa mwatsopano, ndipo amene amawasonyeza ndi galu mwini wake.

Zizindikiro zikuluzikulu za mantha aliyense amazidziwa: kunjenjemera, kupuma wefuwefu, dovu chuchuchu, mchira kupanidwa pakati pa miyendo, kukanda chitseko, kudzikodzera. Galu akafika pamenepo ndiye kuti katswiri walakwitsa kalekale. Iye amawerenga zing'onozing'ono zomwe zimatsogolera zimenezo. Lilime kutuluka kamodzi n'kunyambita mphuno. Kuyasamula popanda tulo. Pakamwa pomwe panali poyasama pang'ono kutsekeka mwadzidzidzi. Khungu la pamphumi kuchita makwinya. Mutu kutembenukira kwina maso akuyang'anabe kumene kukuchokera phokoso, mpaka choyera cha m'diso kuoneka. Ambiri a ife zimenezi timaziona tsiku ndi tsiku osazipatsa tanthauzo. Ofufuza a pa yunivesite ya Bristol ku England anazionetsa poyera mu 2013. Pa eni agalu amene anangofunsidwa papepala ngati galu wawo amaopa phokoso, mmodzi yekha mwa anayi alionse ndiye anavomera. Koma pa amene anafunsidwa pamasom'pamaso zomwe galu amachita kukamveka phokoso, pafupifupi theka anatchula chizindikiro cha mantha. Galu akuzunzika, mwini wake akuti ndi khalidwe lake basi.

Ndipo agalu otere ndi ambiri. Mu 2020 gulu la Hannes Lohi la pa yunivesite ya Helsinki linatulutsa zotsatira za kafukufuku wa agalu oposa 13,700 a ku Finland. Mwa mavuto onse a nkhawa omwe anawayeza, kuopa phokoso ndiko kunali patsogolo, agalu 32 pa 100 alionse, ndipo makombola okha ankaopsa agalu 26 pa 100. Anthu amakonda kunena kuti n'chifukwa chakuti galu amamva kwambiri, ndipo n'zoona kuti amatola mawu opyapyala omwe khutu lathu siliwafikira. Koma chomwe chimamuzunza kwenikweni n'chakuti phokoso lotere silichenjeza, komwe likuchokera sikudziwika, ndipo iye alibe njira yolithetsera. Mlendo wa pageti akhoza kumuuwa mpaka athawe. Nanga bingu angaliuwe?

Nzeru yomwe imabwera msanga m'mutu mwa munthu ndi yakuti, “Musiyeni, azolowera.” Ena amafika pomumangirira pafupi ndi pomwe ana akuphulitsira makombola pa Khirisimasi, ati alimbe mtima. Alipo agalu amene amazoloweradi, makamaka omwe sanali kuopa kwenikweni. Koma kwa galu wogwidwa kale ndi mantha, kuphulika kwa lero kumaunjikana pa kwa dzulo. Chaka chino akuopa makombola, chaka chamawa akuopa chitseko chikamenyetseka, kenaka akuopa mdima weniweniwo poti makombola amabwera ndi mdima. Mu 2005 Nancy Dreschel ndi Douglas Granger a ku Pennsylvania State University anayeza malovu a agalu oopa mabingu atawaikira mabingu ojambulidwa. Cortisol, homoni yomwe thupi limatulutsa likakhala pa nkhawa, inachuluka pafupifupi katatu, ndipo patatha mphindi 40 inali isanabwerere pamalo pake. Tsono taganizani za mvula ya mabingu ya usiku wonse. Galu amene wangoti zii pakona, osauwanso, osathawanso, sikuti wazolowera ayi. Nzeru zamuthera.

Njira yotsutsana ndi imeneyi inakhwimira ku Johannesburg, ndipo kumeneko inayambira pa amphaka. Joseph Wolpe, yemwe anabadwira mumzindawu mu 1915, anali dokotala wa asilikali a South Africa pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, ndipo anaona amuna amene nkhondo inawasiya ndi mantha osachoka. Chithandizo cha nthawi imeneyo, chowapatsa mankhwala kuti afotokoze zomwe anaona, sichinkawachiritsa mokhalitsa. Nkhondo itatha anakhala pa yunivesite ya Witwatersrand akufufuza momwe mantha amalowera ndi momwe angatulukire. Zomwe ankachita n'zankhanza, tisabise: ankatsekera mphaka m'khola, kuliza hutala, n'kutsegula magetsi kuti nyesi imugwire kumapazi. Posakhalitsa amphakawo ankakana kudya m'kholamo ngakhale atagona ndi njala masiku awiri kapena atatu, nyama ili pamphuno. Kuwasiya m'kholamo nthawi yaitali popanda nyesi sikunachotse manthawo.

Apa ndi pomwe diso lake linaonekera. Anazindikira kuti mantha a mphaka sanali ofanana paliponse. M'chipinda cha kholalo anali aakulu, m'chipinda china chofananako nacho anali ochepa, m'chipinda chosiyana kwambiri anali ochepetsetsa. Ndiye anafunafuna chipinda chomwe mphaka akanalola kudyeramo, ngakhale mwamanthamantha, n'kumamudyetsa momwemo mpaka atamasuka. Akamasuka, ankamusunthira m'chipinda chotsatira. Chipinda ndi chipinda, mpaka mphaka uja anadya m'khola lomwe nyesi inamugwiriramo. Ndi hutala anachitanso chimodzimodzi, kudyetsa mphaka ali patali ndi kulira kwake n'kumachepetsa mtunda. Mfundo yake, yomwe anaifotokoza m'buku lake la mu 1958, inali yakuti kudya ndi mantha sizigwirizana m'thupi limodzi, champhamvu chimatseka chinzake. Mantha akakula amatseka njala, koma mukawachepetsa mokwanira kudya ndi komwe kumawatseka. Kumbuyoko, mu 1924, Mary Cover Jones wa ku America anali atachitapo zofananazo ndi kamnyamata koopa kalulu: iko kakudya, kalulu ali patali, tsiku ndi tsiku akuyandikitsidwa. Zipinda za Wolpe zija ndizo lero zasanduka manambala a pa voliyumu.

Tibwerere kwa galu wathu, poti nkhuku ija sinagwire ntchito. Gawo lake ndi lachiwiri, ndipo ndi pomwe manja a waluso amasiyana ndi a wongoyesa. Bingu ligunda. Sekondi imodzi, ziwiri, kanthuli kafika pakamwa pa galu. Bingu lileka, nkhuku ileka. Ndondomeko yake ndi imeneyo ndipo siitembenuzika: phokoso patsogolo, chakudya pambuyo. Ivan Pavlov anasonyeza kalekale kuti nyama imaphunzira chinthu chomwe chikulosera chinzake, ndipo cholosera ndi chomwe chimabwera poyamba. Mwini galu wachifundo, podziwa kuti bingu lili pafupi kugunda, amafulumira kupereka nyama kuti amutonthoze pasadakhale. Akatero kangapo, galu waphunzira kuti nkhuku imaitana bingu, ndipo tsiku lina adzangoona nkhuku n'kulowa kunsi kwa bedi. Ngakhale dzanja kungopisa m'kathumba nthawi isanakwane, pulasitiki n'kuchita tswatswa, phunziro lasokonekera kale. N'chifukwa chake katswiri amayang'anitsitsa manja a mwini galu mofanana ndi momwe amayang'anira makutu a galuyo. “Manja pamiyendo, mayi. Dikirani ligunde kaye.”

Nkhukuyo ilinso ndi ntchito ina, yoyeza mantha. Galu womasuka amatenga nthuli mofatsa, ndi milomo. Mantha akayamba kukwera amaitsomphola, mano mpaka kukhudza zala. Akakwerabe amaitenga n'kuilavula, kapena kutembenuza mutu osaiyang'ana n'komwe. Kusinthaku kumamveka kunsonga za zala kusanaoneke ndi maso, ndipo mano akangomveka voliyumu imatsika nthawi yomweyo, ndi manambala awiri kapena atatu. Kwa katswiri kubwerera m'mbuyo ndi mbali ya ntchito, sachita nako manyazi. Onaninso kuti galu sakulipidwa chifukwa chokhala chete kapena kumvera lamulo. Kaya wakhala, kaya waima, nkhuku ibwera chifukwa bingu lagunda, basi. Chomwe chikukonzedwa ndi zomwe galu amayembekezera akamva phokosolo. Tsiku lomwe zapsa limadziwika: bingu ligunda, galu m'malo moyang'ana kuwindo atembenukira kwa mwini wake, mchira ukugwedezeka, maso ali pa kathumba.

Galu si wopusa. Mukamamuchitira zimenezi pabalaza pokhapokha, 4 koloko iliyonse, amazindikira kuti mabingu alipo awiri, la pabalaza lobwera ndi nkhuku ndi la kumwamba lofuna kumupha. Choncho masipika amasamutsidwa, lero kukhitchini, mawa panja pa windo, mkuja usiku magetsi atazimitsidwa. Mipata ya pakati pa kugunda imasinthidwa kuti asawerengere. Pamalo patsopano paliponse voliyumu imayambiranso pansi.

Ku Britain, komwe makombola amasokosa usiku wa pa 5 Novembala, pa chikondwerero cha Diwali ndi polowa chaka chatsopano, madokotala awiri a ziweto, Sarah Heath ndi Jon Bowen, anajambula maphokoso a ntchito imeneyi n'kuwatcha Sounds Scary. Bungwe losamalira agalu la Dogs Trust linawaika pa intaneti kuti aliyense atenge kwaulere, pamodzi ndi kabuku ka malangizo. Anakonzanso ena a tiana ta agalu, ndi ena a kulira kwa khanda okonzekeretsa galu wa m'nyumba momwe mukuyembekezeredwa mwana. Zoti munthu akhale pansi n'kuganizira momwe galu adzamvere kulira kwa khanda lomwe silinabadwe, ine zimandigwira mtima.

Koma masipika ali ndi polekezera, ndipo amisiri enieni sabisa. Bingu limabwera ndi zambiri: mdima wa mitambo, mphepo, fungo la mvula, kung'anima kwa ziphaliwali, ndi kunjenjemera kwa nthaka komwe galu amakumva m'mapazi ndi m'chifuwa. Kasipika ka foni sikangatulutse kugunda kwakuya kotero. Alipo agalu amene amagona tulo masipika akuphulika, koma mtambo ukangoda ayamba kale wefuwefu. Stefanie Riemer, ali pa yunivesite ya Bern ku Switzerland, anafunsa eni agalu oposa 1,200 zomwe zinawathandiza pa makombola, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2020. Mwa amene anagwiritsa ntchito maphokoso ojambulidwa, 55 pa 100 anati zinathandiza. Pa tizovala tothina tomwe amati timakhazika galu mtima pansi, anavomera 44 pa 100. Pamwamba pa zonse, cha m'ma 70 pa 100, panali chinthu chosafuna sipika n'komwe: kupereka chakudya chokoma kapena kuyambitsa masewera nthawi iliyonse phokoso lenileni likangomveka. Ndiye kuti lusoli liyenera kutuluka m'chipinda chija n'kulowa m'moyo wa tsiku ndi tsiku. Poto wagwa kukhitchini, nthuli. Tayala laphulika pamsewu, nthuli. Mwini galu amasanduka munthu woyenda ndi nyama m'thumba, ndipo alendo amamuseka.

Usiku weniweni ukafika phunziro lisanathe, cholinga chimasintha, chimakhala choteteza zomwe zaphunziridwa kale. Galu amayendetsedwa kusanade, makatani amatsekedwa, wailesi imatsegulidwa, ndipo amakonzeredwa pobisala pomwe iye mwini amakonda kuthawira, kaya kunsi kwa tebulo kaya kubafa, pofundidwa mabulangete, khomo lili lotsegula. Samutsekeramo, samukokamonso. Akabwera kudzadzipanikiza pamiyendo panu, musisiteni. Kwa zaka zambiri anthu ankauzidwa kuti kusisita galu wamantha n'kumulimbikitsa kuopa. Akatswiri ambiri lero anaitaya mfundo imeneyo, chifukwa galu sachita mantha pofuna malipiro. Kwathu kuno nkhaniyi ili ndi mbali yakeyake. Agalu ambiri ndi alonda, amagona panja, ena pa tcheni, ndipo mvula ya mabingu imawapeza pansi pa kadenga ka malata komwe kamangokuza phokoso. Galu wotere ndiye amadula tcheni, kulumpha mpanda, n'kukapezeka pamsewu. Kumutsegulira khitchini kapena garaja usiku umodzi sikumuchotsera ulonda.

Ophunzitsa agalu osaka mbalame ku Britain ndi ku America amatsata nzeru yomweyi ali kutchire. Kwa iwo galu woopa mfuti ndi galu wotayika, ndiye amasamala zedi. Mfuti yoyamba yomwe kagalu kamamva ndi kapisito kopanda chipolopolo, kowombedwa ndi mnzake wa mphunzitsi ataima kumapeto a munda, pa nthawi yomwe kagaluko mtima wonse uli pa chidole choponyedwa. Kakaima n'kucheuka mwamantha, wowombayo amabwerera kutali. Kakapanda kusamala, mawa amayandikira mapazi angapo. Mfuti yaikulu imadzabwera kumapeto, nayonso kuyambira kutali. Zikayenda bwino, galu wamkulu wa mtundu wa labrador akamva mfuti amadzuka ndi chimwemwe, maso kumwamba, kufuna pomwe mbalame igwere.

Palinso diso lina lomwe ntchitoyi imafuna, la dokotala. Mu 2018 ofufuza a pa yunivesite ya Lincoln, m'gulu la Daniel Mills, anayerekeza agalu 20 oopa phokoso. Mwa iwo 10 anali ndi ululu wa m'mafupa ndi minofu, 10 analibe. Aululu aja anayamba kuopa atakula, pafupifupi zaka 4 mochedwerapo kuposa anzawo, ndipo mantha awo anafalikira mpaka kumakana malo omwe anamverako phokoso. Maganizo a ofufuzawo ndi akuti galu akadzidzimuka minofu imakungika, mfundo yodwala imabaya, ndipo iye amaloza phokoso kuti ndilo lamupweteka. Katswiri wabwino akamva kuti galu wa zaka 8 wayamba dzanadzanali kuopa mabingu, masipika amawasiya kaye, amayamba wauza mwini wake kuti akamupimitse chiuno ndi msana. Pa mankhwala napo pafunika kusamala. Acepromazine, yemwe kale ankaperekedwa kawirikawiri, amafooketsa thupi koma mantha sawachotsa. Galu amangogona poti walephera kuthawa, zonse akuzimva. Lero alipo mankhwala olimbana ndi mantha enieniwo, monga Sileo wa kampani ya Orion ya ku Finland, wovomerezedwa ku Ulaya mu 2015, wopakidwa pakati pa tsaya ndi nkhama. Zimenezi n'za dokotala wa ziweto, musayerekeze kumugawira galu mapiritsi a anthu.

Ntchito yopepuka kuposa zonsezi ndi yoyamba mantha asanabwere. John Paul Scott ndi John Fuller, atatha zaka zambiri akuyang'ana tiana ta agalu ku Bar Harbor m'chigawo cha Maine, analemba mu 1965 kuti kuyambira milungu 3 mpaka pafupifupi 12 kagalu kamalandira zachilendo mosavuta, ndipo pambuyo pake kamayamba kukayikira chilichonse chatsopano. Riemer nayenso anapeza kuti agalu omwe anaphunzitsidwa kugwirizanitsa phokoso ndi zabwino asanayambe kuopa sanavutike kwambiri ndi makombola. Apa sipafunika ngakhale sipika. Supuni kugunda poto patali, kanthuli kutsatira, n'zokwanira kuyambira.

Kwa galu woopa kale, ikulamula ndi nyengo. Phunziro limafuna kuti bingu lenileni lisalowerere pakati, chifukwa usiku umodzi woipa ukhoza kugwetsa ntchito ya mwezi wathunthu. Kuno mabingu amayamba kumapeto kwa Okutobala kapena mu Novembala, makombola n'kutsatira mu Disembala. Ngati muli ndi galu amene chaka chatha anakanda chitseko mpaka zikhadabo kutuluka magazi, musadikire mtambo woyamba. Yambani mu Juni kapena Julayi, chifukwa miyezi inayi si yambiri pa ntchito imeneyi.